Tiana ta nkhanu pakati pa lagoon ndi nyanja yamchere: mafunso ndi mayankho

Nkhani ya nkhanu za m'mbali mwa nyanja yamchere ikangoyambika mafunso ake amakhala omweomwewo, nde ndawasonkhanitsa pamodzi kuti ndisamangobwereza. Osavuta ali koyambiriraku, ozama ali kumunsiko.

Kodi lagoon ndi chani kwenikweni?

Ndi dziwe lalikulu koma losaya lomwe lili m'mbali mwa nyanja yamchere, lotchingidwa ndi mchenga kapena tizilumba, moti madzi amalowa ndi kutuluka podzera pa khomo limodzi kapena awiri basi. Madzi a m'nyanja yaikulu amakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35 pa lita ndipo sasinthasintha kwenikweni, pomwe mu lagoon lero mchere utha kukhala 30, mvula ikagwa sabata yamawa watsika kufika 5, kukachita chilala madzi n'kuchepa mchere n'kuposa wa m'nyanja momwe. Kumathiriro a mitsinje ikuluikulu, komwe madzi a mtsinje amakumana ndi a m'nyanja, zimakhalanso choncho, nde zambiri zomwe ndinene pano zikukhudza malo awiri onsewa.

Kamwana ka nkhanu kamaoneka ngati nkhanu yaing'ono?

Ayi, olo pang'ono. Kakangoswa kamatchedwa zoea, ndipo mutakaona pa maikulosikopu simungavomere kuti mayi ake ndi nkhanu. Mutu wobulungira, maso awiri akuluakulu akuda, munga wautali pamsana, munga wina kutsogolo ngati mlomo wa udzudzu, kumbuyoku kamchira kowonda kopindikira. Zopanira zija palibe. Ka blue crab, nkhanu yotchuka ya ku gombe la kum'mawa kwa America, kamaswa kali pafupifupi 0.25 mm, ndiye kuti tinayi titandandalika ndi pamene tikwane milimita imodzi.

Chigoba sichikula nde kuti kakule kamayenera kufundula, ndipo kufundula kulikonse ndi siteji yatsopano. Blue crab imakhala ndi masiteji 7 a zoea, pena 8, Scylla serrata, nkhanu yokhala m'ma mangrove (mitengo yomera m'matope a m'mbali mwa nyanja), 5, green crab ya ku Ulaya 4. Kenako kamasanduka megalopa, apa nde kayamba kufanana ndi kwawo, zopanira zatuluka, miyendo ilipo, koma mchira udakali wotambasuka kumbuyo ndipo ndi umene kamasambirira. Kufundula kotsatira mchira uja umapindikira kunsi kwa mimba, basi yakhala nkhanu.

Olo akatswiri zinawapusitsa. Mu 1802 Louis Bosc anapereka dzina loti Zoea akuganiza kuti wapeza nyama ya mtundu wakewake. Ndi John Vaughan Thompson, yemwe ankagwira ntchito ku Cork ku Ireland, amene analemba mu 1828 kuti iyayi, timeneti ndi tiana ta nkhanu, ndipo anzake ena anamutsutsa kwa zaka ndithu.

Bwanji osangokulira mu lagoon momwemo, chakudya si chambiri mmenemo?

Chakudya chilimo, vuto ndi mchere. Nkhanu yaikulu ya mitundu imeneyi imatha kuwongolera mchere wa m'thupi mwake madzi akasukuluka, pomwe zoea ziwalo zogwira ntchito imeneyo zimakhala zisanakhwime, madzi akachepa mchere amangolowa m'thupi kenako kafa. Tiana ta blue crab timafuna mchere woposa 20, ndipo timakula bwino ukayandikira wa m'nyanja. Ta Scylla serrata timayamba kufa kwambiri mchere ukatsika kupitirira theka la wa m'nyanja.

Chachiwiri ndi adani. M'ma lagoon ndi momwe tinsomba tating'ono timakulira, tambirimbiri, ndipo chakudya chake ndi tizinthu toyandama ngati zoea yemweyu. Minga ija imathandizako, kansomba kakamwa kakang'ono kamalavula, koma sikuti ndi chitetezo chokwanira. Kunyanja kwakuya adani aliko koma ndi omwazikana.

Nde timatuluka bwanji, popeza ndi tating'ono chonchi?

Gawo loyamba la ulendowu amayenda ndi mayi. Blue crab yaikazi imakwatiwa kamodzi kokha pa moyo wake, kumtunda komwe madzi ndi osukuluka, imasunga umuna m'thupi kenako ulendo wotsikira kukhomo komwe kuli mchere wambiri. Mazira imanyamula kunsi kwa mimba, chimulu chonga siponji, poyamba cha olenji kenako chimada pakatha masabata awiri chifukwa timaso ta tiana tija tayamba kuonekera. Chimulu chimodzi chimatha kukhala ndi mazira 2 miliyoni, nkhanu zikuluzikulu kuposa apo. Scylla serrata nde siimira pakhomo, imatuluka kupita kunyanja kwenikweni, ku Australia zazikazi za mazira zinagwidwapo makilomita makumimakumi kuchokera kugombe.

Gawo lachiwiri ndi nthawi yoswera, ndipo sizichitika mwachisawawa. Mitundu yambiri imaswa usiku, madzi atadzaza fulu ndipo atangoyamba kubwerera. Mdima umabisa tiana kwa nsomba zomwe zimasaka ndi maso, madzi obwerera aja n'kutinyamula tonse kutulukira pakhomo kusanache. Ma fiddler crab, tinkhanu ta m'matope tomwe tatimuna timakhala ndi chopanira chimodzi chachikulu, timadikira masiku amene nyanja imadzaza kwambiri, zomwe zimachitika pafupifupi masabata awiri aliwonse, mwezi ukakhala wathunthu ndi pamene uli mumdima. Yaikazi imafika m'mphepete mwa madzi n'kumagwedeza mimba mwamphamvu, tiana n'kumatuluka ngati kautsi.

Timasambira tokha kapena timangotengedwa ndi madzi?

Ili ndi funso lomwe likumanga nkhani yonseyi. Zoea imasambira inde, koma sipidi yake ndi sentimita imodzi kapena ziwiri pa sekondi, pomwe madzi a pakhomo la lagoon amatha kuthamanga mita yathunthu pa sekondi. Kulimbana nawo n'kosatheka. Chomwe kangathe ndi kukwera m'mwamba kapena kutsikira pansi, ndipo chimenechi n'chokwanira chifukwa madzi a pamwamba ndi a pansi sayenda mofanana.

Taganizirani chonchi. Malo ambiri nyanja imadzaza ndi kuphwa kawiri pa maola 24 ndi mphindi 50, ndiye kuti pafupifupi maola 6 madzi akulowa, maola 6 akutuluka. Pamwamba madzi amathamanga, pansi penipeni amachedwa chifukwa akukhulana ndi matope. Kamwana kofuna kutuluka kamakwera pamwamba madzi akamatuluka, akayamba kulowa katsika pansi pomwe sikabwezedwa kwambiri. Mtunda womwe kapita ndi wautali kuposa womwe kabwerera, kakatero kangapo kali kunja. Kofuna kulowa kamangotembenuza ndondomeko yomweyo. Zili ngati munthu wopempha lifiti pamsewu, sayendetsa galimoto iye, amangosankha yoti akwere ndi poti atsike.

Palinso china. Komwe mtsinje umathira madzi ambiri, madzi opanda mchere ndi opepuka nde amayenda pamwamba kulowera kunyanja, a mchere olemera aja amakwawa pansi kulowera kumtunda. Misewu iwiri yosemphana, wina pamwamba pa unzake. Tiana ta blue crab tikangoswa timathamangira kowala ndi kumwamba, nde timapezeka mumsewu wotulukira.

Kunyanjako timakakhala nthawi yaitali bwanji, tikudya chani?

Zimatengera mtundu ndi kutentha kwa madzi, kofunda timakula msanga. John Costlow ndi C. G. Bookhout a ku Duke University, pa labu yawo ya ku Beaufort ku North Carolina, analera tiana ta blue crab kuchokera ku dzira mu 1959 ndipo masiteji a zoea anatenga masiku 31 mpaka 49. Scylla m'madzi ofunda imatenga masabata awiri kapena atatu. Dungeness crab ya ku gombe lozizira la kumadzulo kwa America imatha miyezi itatu kapena inayi ili kunyanja.

Chakudya ndi plankton, tizamoyo tinzake toyandama m'madzi tocheperako, tiana ta nkhono, ta nyongolotsi za m'nyanja ndi tina totero. Ma megalopa ndi olusa, akapanikizana amadyana okhaokha, ndipo alimi oweta nkhanu m'matanki limeneli nde dandaulo lawo lalikulu.

Nanga timabwerera bwanji kuchokera kutali konseko?

Pali magawo awiri, kufika pafupi ndi gombe kenako kulowa pakhomo. Loyambalo kamwana kalibe ulamuliro wambiri, ndi nkhani ya mphepo. Chifukwa cha kuzungulira kwa dziko, mphepo ikamaomba panyanja madzi a pamwamba sapita komwe mphepoyo ikupita, amakhotera kumanja kumpoto kwa equator, kumanzere kum'mwera kwake. Nde ku gombe la Delaware ndi Chesapeake, kum'mawa kwa America komwe kuli blue crab, mphepo ya mkuntho yochokera kumpoto chakum'mawa ikaomba chilimwe chawo chikamatha imakankhira madzi kugombe, ndipo patangopita masiku ochepa ma megalopa amafika ambirimbiri nthawi imodzi. Charles Epifanio wa ku University of Delaware anathera zaka zambiri pa nkhani imeneyi. Kwina amathandizidwa ndi mafunde a mkati mwa madzi, osaoneka pamwamba kupatula mizere yosalala ngati pathiridwa mafuta, m'mizere imeneyo mumasonkhana zinyalala ndi tiana ndipo imayenda pang'onopang'ono kulowera kumtunda. Ma megalopa a Dungeness ena amachita kukakamira pa jellyfish, nyama zofewa zoyandama zooneka ngati ambulera.

Kakafika pakhomo nde kamayamba nzeru zomwe ndafotokoza pa funso la kusambira lija, koma motembenuza. Masana kali phee pansi kapena kakakamira pa udzu, usiku madzi akayamba kulowa kakwera, akaima katsika n'kugwira pansi ndi miyendo kuti madzi obwerera asakatenge. Megalopa ili ndi mwayi womwe zoea ilibe, imatha kugwira.

Kamadziwa bwanji kuti madzi ayamba kulowa, popeza kali pansi mumdima?

Richard Forward ndi anzake, a ku Beaufort komweko, anayesa zimenezi m'matanki. Madzi a m'nyanja akamalowa mchere umakwera pang'onopang'ono, ndipo kukwera kumeneko nde belu lodzutsa megalopa kuti inyamuke pansi. Ikakhala m'mwamba chomwe chimaipangitsa kupitiriza kusambira ndi kuvunduka kwa madzi othamanga. Madzi akadzaza n'kukhala bata kuvunduka kwatha, iyo yatsika. Madzi akamatuluka mchere umatsika nde belu lija silirira, imangokhala pansi. Masana kuwala kumailetsa kukwera ikakhala m'madzi a mu lagoon, chonsecho ili kunyanja masana imakhala pamwamba bwinobwino, ndiye kuti fungo la madzi a kumtunda ndi lomwe limasintha khalidwe lake.

Fungo lomwelo, la udzu wa pansi pa madzi ndi la masamba owola ochokera kumtunda, limafulumizitsa kufundula komaliza. Ikapanda kulimva imatha kuchedwetsa kwa masiku angapo. Mitundu ina ilinso ndi wotchi ya m'thupi, mutatenga tiana take n'kutiika mu tanki m'chipinda chamdima timapitiriza kukwera ndi kutsika pa maola 12.4 aliwonse kwa masiku angapo ngati tidakali kwawo. Ineyo pa zonse za nkhaniyi ichi nde chimandidabwitsa kwambiri.

Timabwerera ku lagoon komwe mayi anachokera?

Nthawi zambiri ayi. Izi si nsomba za salmon zomwe zimabwerera kukaswa mumtsinje momwe zinabadwira. Tikakhala kunyanja mwezi wathunthu timasakanikirana ndi ta m'ma lagoon oyandikana, ndipo khomo lomwe kapezeka nalo pafupi nthawi itakwana ndi lomwelo. Tina timabwereradi kwawo, koma mwangozi chabe ya mmene madzi anazungulirira.

Kumene nyanja siidzaza ndi kuphwa kwambiri zimatheka bwanji?

Mphepo ndi mvula zimatenga malo. Ku Mediterranean kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa malo ambiri ndi masentimita makumi ochepa chabe, nde madzi a pakhomo amayenda motsatira mphepo ndi mmene mpweya ukupanikizira nyanja. Lagoa dos Patos kum'mwera kwa Brazil, imodzi mwa ma lagoon aakulu kwambiri padziko, ili ndi khomo limodzi pa mzinda wa Rio Grande, mphepo yochokera kumpoto chakum'mawa imatulutsa madzi, yochokera kum'mwera imalowetsa a mchere pamodzi ndi tiana ta nkhanu ndi ma prawn. Chaka cha El Niño kumeneko kumagwa mvula yambiri, madzi a m'mitsinje amangotuluka osalekeza kwa miyezi, tiana tofuna kulowa n'kukanika, asodzi n'kulira.

Khomo likatsekeka ndi mchenga chimachitika n'chani?

Zazikazi sizituluka, ma megalopa salowa. Nkhanu zomwe zili mkati zimapitiriza kukula, mwina n'kunenepa kumene, koma palibe zolowa m'malo, nde pakapita zaka zingapo mumangotsala zikuluzikulu zochepa kenako zii. Ku South Africa mathiriro ambiri, pafupifupi 7 mwa 10 aliwonse, amatsekeka ndi kutseguka malingana ndi mvula, ndipo funso silikhala loti kodi latseguka basi koma latseguka mwezi wanji, chifukwa likatseguka nthawi yomwe kunyanja kulibe ma megalopa palibe chapindulika. Dziwe la St Lucia ku KwaZulu-Natal m'dziko lomwelo khomo lake linatsekeka mu 2002, linatseguka kwa miyezi yochepa mu 2007, kenako linadzakumbidwa ndi makina mu Januwale 2021.

Madamu a kumtunda amawonjezera vutoli poti madzi osefukira omwe akanakokolola mchenga uja safikanso. Koma kukumba khomo mwachisawawa nakonso sindikuvomereza, mukatsegula madzi asanadzaze mokwanira amatuluka mofooka osakokolola mchenga, lagoon n'kumangokwiririka.

Nkhanu zonse zimachita ulendo umenewu?

Ayi. Kankhanu ka m'matope kotchedwa Rhithropanopeus harrisii tiana take timapirira madzi osukuluka ndipo timakwera ndi kutsika mozungulira malire a madzi otuluka ndi olowa aja, moti masiteji ake 4 onse timathera mkati momwemo. Nkhanu za m'mitsinje ndi m'madambo a kumtunda nde zinasiyiratu zonsezi, zimaikira mazira ochepa akuluakulu, masiteji onse amathera m'dzira, chotuluka ndi kankhanu kathunthu komwe mayi amakanyamula kwa kanthawi. Mmodzi mwa amene ankatsutsa Thompson aja, John Westwood mu 1835, ankaona nkhanu ya mtundu woswa chonchi, nde aliyense ankanena zoona pa nkhanu yake.

Mbali inayo kuli zonyanyira. Chinese mitten crab imakulira m'mitsinje makilomita mazanamazana kuchokera kunyanja koma poswa imatsikira kumadzi a mchere. Nkhanu zofiira za pa Christmas Island, chilumba cha mu Indian Ocean, zimakhala m'nkhalango, mvula ikayamba zimatsikira kugombe mamiliyoni, zazikazi n'kukhutula mazira m'nyanja m'bandakucha mwezi uli m'gawo lake lomaliza. Tiana timatha masabata atatu kapena anayi kunyanja, zaka zambiri tobwerera ndi tochepa zedi, koma chaka china mwa apo ndi apo gombe lonse limafiira.

Ndi tingati timapulumuka?

Werengani nokha. Yaikazi imodzi yatulutsa mazira mamiliyoni, kuti chiwerengero cha nkhanu chisatsike pakufunika ziwiri zokha zifike pobereka. Zotsalazo zadyedwa, zafa ndi njala, zakanika kufundula kapena madzi azipititsa kutali komwe kulibe gombe. Olo zolowa mu lagoon sizinapulumuke, zikapanda kupeza udzu wa pansi pa madzi kapena mizu ya mangrove yobisalamo, nsomba ndi nkhanu zinzake zazikulu zimatola.

Asayansi amadziwa bwanji zonsezi, amaika chizindikiro pa kamwana?

Chizindikiro cha pachigoba chimatayika pa kufundula koyamba, nde njira zake ndi zina, zotopetsa ndithu. Amaimika boti pakhomo usana ndi usiku, ola lililonse kuponya neti ya timabowo tating'onoting'ono pamwamba, pakati ndi pansi, kenako miyezi ingapo kuwerenga tiana kamodzikamodzi pa maikulosikopu. Pa ma megalopa amapachika m'madzi zidutswa za sefa ya ubweya yonga ya mu air conditioner, usiku timakakamirapo, m'mawa amakatsuka mu ndowa n'kuwerenga, tsiku lililonse kwa nyengo yonse. Ena amatchera misampha ya nyali. Masiku ano DNA imathandiza kusiyanitsa mitundu yofanana, ndipo pa kompyuta amatha kumwaza tiana tongoyerekeza m'madzi n'kuona komwe mphepo ya chaka chimenecho ikanatifikitsa.

Zimenezi zikumukhudza bwanji msodzi?

Nkhanu zomwe agwire mtsogolo zimagamulidwa pa usiku wowerengeka womwe iye sanaone n'komwe. Alan Shanks wa ku University of Oregon anatchera msampha wa nyali ku Coos Bay, ku gombe la Oregon, kwa zaka zambiri, ndipo anapeza kuti kuchuluka kwa ma megalopa a Dungeness chaka chino kumalosera zomwe asodzi adzagwire pakatha zaka 4. Ku Chesapeake amawerenga blue crab nyengo yozizira iliyonse kuyambira 1990 pa malo 1,500, mu 2022 anapeza 227 miliyoni, chomwe pa nthawiyo chinali chiwerengero chotsikitsitsa chiyambireni kuwerengako.

Mphepo munthu sangailamule, chomwe angathe ndi kusiya zazikazi za mazira zidutse. Vuto n'loti zimasonkhana pakhomo, malo opapatiza osavuta kutchera. N'chifukwa chake boma la Virginia, ku Chesapeake komweko, linatseka mu 2008 usodzi wokokolola nkhanu pansi nyengo yozizira, poti zambiri zogwidwa mwa njira imeneyo zinali zazikazi zodikira kuswa. Ndipo poti tiana timasakanikirana, monga ndanenera pa funso la kubwerera kwawo, lagoon imodzi ikasamala yoyandikana nayo n'kumasakaza onse amaluza.

Ndinamva kuti sitima zimanyamula tiana timeneti kupita mayiko ena, ndi zoona?

Zoona. Sitima ikatsitsa katundu imapopa madzi a padoko m'matanki ake kuti isapepuke, n'kukawataya padoko lina kutsidya la nyanja, ndipo zoea yotha mwezi ili moyandama ulendo wa masabata awiri si kanthu. Umu ndi mmene anthu ambiri amaganizira kuti blue crab inafikira ku Mediterranean, komwe inalembedwa koyamba cha m'ma 1949 kumpoto kwa Adriatic. Inakhala zaka zambiri osamveka, kenako inafalikira, ku Ebro Delta ku Spain inaoneka mu 2012, ndipo mu 2023 inasakaza nkhono zoweta m'ma lagoon a ku Po Delta monga Scardovari ndi Goro mpaka boma la Italy linatulutsa 2.9 miliyoni euro zolimbana nayo.

Ikangokhazikika malo amodzi sitima siifunikanso, tiana timapitiriza tokha. Green crab inapezeka ku San Francisco Bay mu 1989, El Niño wa 1997 mpaka 1998 atalimbitsa madzi ofunda opita kumpoto, tiana take tinakafika ku Oregon, Washington mpaka ku British Columbia ku Canada, ndipo ilipobe kumeneko, ikukumba udzu wa pansi pa madzi womwe tiana ta Dungeness timabisalamo.